A Paison ndi Tsamba Lonena Mathero

Aliyense amene adaimapo pa Lizulu kugula mbatatesi zaka zapitazo adawaona a Paison, kungoti mwina sadawalabadire. Ankakhala pakhonde la golosale ina, kuseri kwa amayi ogulitsa kabichi, tepi ili m'khosi, akupalasa makina osokera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Msewu wa tala wodutsa patsogolo pa khondelo ndiwo malire: kuno ndi ku Malawi, tsidya lake ndi ku Mozambique, moti nkhuku za pa Lizulu zimatola chakudya m'maiko awiri tsiku limodzi. Koma a Paison, munthu woti adakafika ku Joni ali mnyamata, akafuna kuwoloka msewu umenewo ankayamba ayang'ana uku ndi uku kasanu. Adali amantha, tisawabisire. Galimoto ikaima mwadzidzidzi pafupi ndi khonde, phazi linkaphonya popalasa makina. Mlendo akawafunsa dzina, iwo ankayamba afunsa kuti wamutuma ndani.

Anzawo pamsikapo ankawaseka kuti manthawo adawatenga kumgodi, tsiku limene chimwala chidagwa n'kuwaphonya pang'ono. A Paison ankaseka nawo, poti bodza limeneli linkawafunditsa bwino. Zoona zake zidali m'makope asanu ndi limodzi amene ankawasunga m'thumba la feteleza, pansi pa bedi, kuseri kwa nsapato za kutchalitchi. Akazi awo, a Lufina, sankadziwa kuwerenga, ndipo a Paison, Mulungu awakhululukire, ankathokoza chifukwa cha zimenezo.

Adabadwira kufupi ndi Nzama, ndipo kulemba adaphunzira pasukulu ya mishoni komweko, kwa mphunzitsi wina amene ankakwapula zala ndi rula chilembo chikangopendama. N'chifukwa chake zolemba zawo zidali zowongoka kuposa za kalaliki wa kuboma. Mu 1969 adakwera ya Wenela, kampani yotengera anthu ku migodi ya ku Joni, pamodzi ndi mnzawo wa paubwana, Fabiano. Fabiano adali wamtali, wa mawu aakulu, wovina ngoma moponda pansi mpaka anthu a m'makomboni ena kubwera kudzaonerera. A Paison ntchito yawo Lamlungu idali yolembera anzawo makalata a kumudzi. Pobwerera, Fabiano adagula wailesi ndi jekete yakuda, a Paison adagula makina, ndipo onse awiri adadzamanga kufupi ndi Lizulu.

Chaka cha 1984, nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankayamba wacheuka asanadandaule za mtengo wa mchere, Fabiano adabwera ndi jekete ija kuti a Paison amusokere nsalu ya m'kati imene idang'ambika. Atamasula msoko, a Paison adapezamo timapepala titatu topindidwa bwinobwino, tolembedwa ndi anthu amene adathawa m'dziko muno, todzudzula boma. Mutu wa munthu wamantha umayenda mwa wokha. Adayamba kudzifunsa kuti, kodi munthu wanzeru angaiwale zinthu zotere n'kuzipereka kwa telala? Ayi, Fabiano achita kumutuma kuti adzandiyese, ndikangokhala chete mawa Landirova ya apolisi idzatenga ine. Masiku amenewo kuona chinthu osakanena udali mlandu wofanana ndi kuchichita. Dzuwa lisanalowe, timapepala tija tidali m'manja mwa wapampando wa chipani wa m'deralo.

Padalibe kuyesa kulikonse. Fabiano adangoiwala basi, monga amaiwalira anthu okhulupirira anzawo. Patapita masiku awiri Landirova idamupeza kudimba akupalira mbatatesi, ndipo sadaonekenso, kaya wamoyo kaya wakufa. Mkazi wake, Janeti, adali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Mwana adabadwa wamkazi, adamutcha Tisungane.

Wapampando uja adamwalira chaka chotsatira osauzapo munthu, choncho nkhaniyi idatsala ndi mwini mmodzi. A Paison adamulera Tisungane ngati wawo. Yunifolomu iliyonse, kuyambira Sitandade 1 mpaka Folomu 4, idatuluka pamakina awo, ndipo mwanayo adakula akuwaitana kuti Ababa. Anthu akafuna kupereka chitsanzo cha ubwenzi weniweni ankatchula a Paison. Iwo akamva choncho ankangowerama n'kumapalasa makina mwamphamvu, ndipo anthuwo ankati taonani kudzichepetsa kwake.

Matipate itabwera mu 1994, anthu adayamba kukuwa pamsika zinthu zimene kale sankazinena ngakhale m'bafa. A Paison sadakuwe nawo. Adagula makope n'kuyamba kulemba moyo wawo wonse, kuchokera ku Nzama, kupita ku Joni, mpaka pa jekete ija, osachotsapo kanthu. Atamaliza adaona kuti sizidakwane, chifukwa pepala lilibe makutu. Ankafuna munthu wamoyo aiwerenge nkhaniyi, isindikizidwe, ikhale poyera, koma poyera pakepo pakhale kutali, kwa anthu oti sangawaloze chala pa Lizulu. Kunena mwachidule, bambowa ankafuna kusamba osanyowa.

Adayambira ku Blantyre mu 1997, thumba la feteleza lili pamiyendo ulendo wonse. Kwa osindikiza mabuku ena adawalandira bambo wa tayi, a Jasper, munthu waulemu wake.

"Mwalemba pamanja? Palibe vuto, madala, ambiri kuno amatero," adatero a Jasper akutsegula kope loyamba. "Kungoti ife timathamangira mabuku a sukulu. Nkhani ngati zanuzi zimadikira pamzere, mwina chaka, mwina ziwiri. Asiyeni makopewa."

"Nanga awerenge ndani, bwana?"

"Tili ndi kachitidwe kathu. Buku la Chichewa timalitumiza kwa munthu wa kwawo kwa mlembi, wodziwa kayankhulidwe ka kumeneko. Ku Ntcheu tili ndi a Maynard, ahedi opuma a ku Sharpevale. Mwina mukuwadziwa?"

Akadalephera bwanji kuwadziwa? A Maynard adakwatira ku Lizulu, sankaphonya maliro kapena ukwati, ndipo nkhani ikalowa m'khutu mwawo m'mawa, pofika masana inkakhala itadutsa Balaka. A Paison adatambasula dzanja n'kutenga kope lija. Adanena kuti aiwala kope lina kunyumba, adalongedza onse m'thumba, n'kutsika masitepe awiriawiri ngati mnyamata.

Padapita zaka zinayi. Dalaivala wina wa lole wa ku Chipata, podikira kuti amusokere buluku, adawatsina khutu kuti ku Lusaka amasindikiza mabuku a Chinyanja. Kumeneko ndiye kudali kutali ndithu, kopanda a Maynard. A Paison adalemba kalata yofunsa. Tsono pa Lizulu anthu wamba adalibe bokosi lawolawo ku positi, makalata ankadzera pa keyala ya sukulu kapena ya tchalitchi. Yankho lidabwera patatha miyezi itatu, m'manja mwa ahedi a pasukulu ina yapafupi, envulopu ili yotsegula kale, ati ankaona ngati ndi ya sukulu.

A ku Lusaka ankafuna buku lotayipa, osati la pamanja, litumizidwe pa positi, ndipo m'katimo muikidwe envulopu ina yaikulu yolembedwa keyala ya mlembi, kuti likakanidwa lidzabwezedwe kwa mwini wake. Mawu akuti lidzabwezedwe ndi amene adawaopsa. Adaliona m'maganizo phukusi lija lili patebulo la ahedi, ahediwo akulitsegula kuti aone ngati ndi la sukulu. Sadatumize kanthu. Chimene adapindula ndi dzina, chifukwa pofika Loweruka msika wonse udali utamva kuti telala akulemba buku, ndipo adayamba kuwatcha Alembi. Aliyense wobwera ndi malaya ong'ambika ankafunsa moseka kuti, ine ndilimo? Tsiku lina a Janeti nawo adafunsa chimodzimodzi podutsa ndi mtanga wa nyemba, ndipo a Paison adadzibaya chala ndi singano mpaka magazi kudontha pansalu ya mwini.

Mwana wawo Eric, amene adapita ku Joni kukagwira ntchito m'sitolo, adawafufuzira za ku Mangalande. Kumeneko, adatero Eric pafoni, mlembi sagogoda yekha pakhomo la osindikiza. Pamafunika munthu wapakati womuyankhulira, ngati nkhoswe, ndipo buku likhale m'Chingerezi. A Paison Chingerezi chawo chidali cha kumgodi, chongokwanira kumva bwana akakalipa, ndipo womasulira akadakhala mphunzitsi wa pa Lizulu pomwepa. Tsidya la msewu nako ankafuna Chipwitikizi. Dziko lililonse lidali ndi khomo lakelake, koma njira ya ku khomo lililonse inkadzera pamaso pa munthu wa kumudzi. Thumba lidabwerera pansi pa bedi, ndipo kwa zaka zambiri olitsegula adali makoswe okha, amene adadya ngodya ya kope lachiwiri.

Mu Meyi 2011 Eric adaimbanso foni, mawu ali m'mwamba. Adapeza kagulu kena ka osindikiza ku Joni komweko kamene kankafuna nkhani za anthu a m'maiko oyandikana nawo amene adagwirapo ntchito m'migodi, m'chiyankhulo chilichonse, poti omasulira adali nawo okha.

"Koma kuno malamulo ake ndi ena, Ababa. Amatsegula khomo mwezi umodzi pachaka, Juni yekha. Safuna za papositi, safuna za pamanja. Zotayipa, pa imelo. Ndipo musatumize buku lonse ayi, mitu itatu yoyamba basi, ndi katsamba kena kamodzi."

A Paison adamva zoti mitu itatu yoyamba, ndipo zotsatirazo zidangodutsa. Mitu itatu yoyamba idali ya ulendo wa Wenela, ya m'komboni ndi ya pansi pa nthaka. Jekete idali kutali, m'kope lachisanu. Akadzalifuna buku lonse adzaona pomwepo, mwina Eric adzalinyamula pobwerera pa Khirisimasi. Patatha zaka zonsezi, mtima wawo udakhalako pansi.

"Nanga wotayipa?" adafunsa.

"Musavutike, ndamuuza kale Tisungane. Keyala ya imelo ndawapatsanso yake, poti inu mulibe."

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere! Tisungane tsopano adali wamkulu, wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo adali ndi kachipinda pafupi ndi msika m'mene ankatayipira anthu makalata ofunsira ntchito ndi makadi a ukwati pa kompyuta. Kupita kwa wotayipa wina ku Ntcheu boma sikukadathandiza, chifukwa mayankho onse akadadzerabe kwa iye, ndiponso mwana ukamulambalala choncho amafunsa chifukwa. A Paison adatenga makope awiri oyamba. Mutu wachinayi unkayambira kumapeto kwa kope lachiwiri, ndipo ngakhale udalibe choopsa chilichonse, iwo adalowetsa masamba amenewo pamakina n'kuwasoka pamodzi, mizere iwiri ngati buluku la mwana wa sukulu. Tisungane ataona adaseka mpaka misozi.

"Ababa, buku mwalisoka ngati thumba la ufa? Mukubisa zibwenzi za ku Joni eti?"

Ntchito yoti ikadatha masiku awiri idatenga sabata yathunthu, chifukwa Tisungane adapezamo bambo ake. Kwawo kudalibe chithunzi cha Fabiano ngakhale chimodzi. A Janeti adaziwotcha zonse mu 1984 poopa kuti Landirova ibweranso, ndipo dzina la mwamuna wawo sankalitchula kawirikawiri. Tsopano nayu Fabiano akutuluka m'kope, akuimba m'sitima, akukangana ndi wophika wa m'komboni, akubereka mnzake wovulala mtunda wautali pansi pa nthaka. Tisungane ankatayipa mizere iwiri, kenaka n'kutuluka kuthamangira kukhonde la golosale.

"Ababa! Zoona bambo anga adavina mpaka nsapato kung'ambika? Ababa, amene adamuberekayo mudali inu, si choncho? Mwangobisa dzina."

Adali iwo ndithu. Nthawi iliyonse imene liwu la Tisungane linkamveka pakati pa phokoso la msika likuti Ababa, singano inkapita pambali. Sabata imeneyo adawononga madiresi awiri a amayi a kwaya. Ankaopa chimwemwe cha mwanayo, chifukwa iwo okha ndi amene ankadziwa kumene chinkalowera.

Atamaliza mitu itatu ija, Tisungane adawakumbutsa za katsamba kaja. A ku Joni ankafuna tsamba limodzi lofotokoza buku lonse mwachidule. A Paison adalemba za Nzama, za mgodi, za kubwerera kumudzi, ndipo pomaliza adati: "Zimene zidachitika titafika kwathu mudzaziwerenga m'bukumo." Adaona ngati achenjera. Ngakhale wogulitsa mbatatesi sakhuthula thumba lonse kuti wogula aone zapansi.

Yankho silidatenge miyezi itatu ngati la ku Lusaka. Lolemba la sabata yomaliza ya Juni, Tisungane adabwera akuthamanga, pepala lili m'manja, n'kuwamasulira pamaso pa amayi a kabichi onse. Mitu itatu ija osindikizawo adaikonda kwambiri, koma tsamba lija silidakwane. Kumeneko, adatero, tsamba lachidule limayenera kunena nkhani yonse mpaka mathero ake, osabisa kanthu, chifukwa iwo si owerenga oti anyengereredwe, ndi anthu ofuna kudziwa chimene akutenga. Atumize lina pofika Lachinayi, tsiku lomaliza la mweziwo, apo ayi adikire chaka chamawa.

Amayi a kabichi adalulutira. A Paison adati atopa nazo, anthu a kunjawa malamulo awo ndi ambiri, zingokhala.

"Zingokhala? Ayi, Ababa." Tisungane adagwada pafupi ndi makina n'kutsitsa mawu. "Kaya iwo alitenga kaya salitenga, makope enawo ine ndiwerenga. Mudalemba za tsiku limene adawatenga, si choncho? Inu mudalipo. Amayi ndikawafunsa amangolira. Ndani wina angandiuze?"

Apa ndi pamene a Paison adadziwa kuti pothawira patha. Zaka zonsezi ankathawa a Maynard, ankathawa ahedi, ankathawa aphunzitsi a Chingerezi, ndipo buku adadzalipereka okha kwa munthu amene ankamuopa kuposa onsewo.

Lachiwiri sadapite kumsika. Adanyamula thumba ndi machesi kupita kumunda, kuseri kwa chulu, koma atayatsa kamtengo koyamba adaganiza za nkhope ya Tisungane akadzamuuza kuti makope apsa, n'kukazimitsa. Kukadakhala kumulanda bambo ake kachiwiri. Lachitatu adayesa kulemba mathero ena, oti Fabiano adaperekedwa ndi munthu wosadziwika. Adalemba mizere itatu, zilembo zikupendama ngati za mwana wa Sitandade 2. Pakamwa pawo padanama zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri osaphonya, koma m'makope aja adali asanalembemo bodza ngakhale limodzi, ndipo dzanja lidakana kuyamba ukalamba uno. A Lufina, poona kuti chakudya chikubwerera chosakhudza, adafuna kuwaperekeza kuchipatala. Iwo adakana, poti mantha alibe mankhwala.

Lachinayi cha m'ma leveni koloko adalowa m'kachipinda ka Tisungane chimanjamanja. Kunja malole ankalira, ogulitsa tomato ankaitanira malonda, mphepo ya Juni inkalowa pansi pa chitseko.

"Tsamba lili kuti, Ababa?"

"Sindinalembe, mwanawe. Ndizinena, iwe uzitayipa."

Adaima kumbuyo kwa mpando wake kuti asamuone nkhope. Za Nzama ndi za mgodi zidatuluka bwino. Atafika pa 1984 kukamwa kudauma gwa, moti Tisungane adadzuka kuwatungira madzi m'kapu, n'kukhalanso pansi, zala zili pamabatani. Adanena za jekete. Adanena za timapepala titatu. Zala zinkathamangabe.

"Ine Paison ndidatenga timapepala timeneto," adatero, "n'kukatipereka kwa wapampando wa chipani, ndipo ndidatchula dzina la Fabiano."

Zala zidaima. A Paison ankangoona nkhongo ndi mapewa a mwanayo. Ankadikira kuti Tisungane akuwe, ndipo ankadziwa bwino chimene msika wa Lizulu umachita mkazi akakuwa, poti adaonapo mbava ikugwidwa pamenepo. Adayang'ana chitseko. Chidali pafupi, koma adaima pomwepo.

"Adakumenyani kuti munene?" Tisungane adafunsa osacheuka.

"Ayi."

"Adabwera kudzakufunsani?"

"Ayi. Ndidapita ndekha. Ndinkaona ngati amutuma kuti adzandiyese. Ndinkaopa, mwanawe."

"Mmene munkandisokera mayunifolomu muja, munkadziwa."

"Tsiku lililonse."

Lole ina idafika panja, idatsitsa katundu, n'kunyamuka. Kenaka Tisungane adapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja n'kubwezera zala pamabatani.

"Malizani. Iwo ati mpaka mathero."

Adamaliza, ndipo iye adatayipa liwu lililonse monga lidatulukira, osakonza, osafunsanso. Makina osindikizira adalira n'kutulutsa tsamba limodzi lofunda. Tisungane adaliwerenga ataimirira, kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Utumiza?" adafunsa a Paison ndi liwu laling'ono. Ankalakalaka atatumiza ndithu, tsambalo lipite ku Joni, zikathere komweko kwa anthu osawadziwa.

"A ku Joni adikire, ngakhale chaka chamawa," adatero Tisungane akuzimitsa kompyuta. "Kwawoko ali ndi malamulo awo. Kuno kwathu uthenga wa maliro sufika kwa alendo mwini wake asanaumve. Tiyeni."

Adakhoma chitseko dzuwa lili paliwombo. Mudzi wa a Janeti udali mtunda wa ola limodzi wapansi, kudutsa m'madimba a mbatatesi. Tisungane adali patsogolo, pepala lili m'manja, ndipo njira yonse sadacheuke kuti aone ngati akumutsatira. A Paison akadatha kukhota, kutsika ndi khwawa, kuwolokera ku Mozambique n'kusowa. Adaganiza zonsezo, koma ankangopezeka akuponda pamene mwanayo waponda. Anthu a m'madimba ankawapatsa moni ali patali, kufunsa kumene alowera ndi mwana wawo, ndipo iwo ankangokweza dzanja.

Adawapeza a Janeti ali pamphasa kuseri kwa nyumba, akusankha nyemba m'lichero. Atawaona alendowo nkhope idawala, adadzuka movutikira n'kupukuta manja pachitenje.

"Alamu! Lero mwatikumbuka m'kati mwa sabata? Tisu, tengera abambo ako mpando, usawaimike padzuwa. Mwana uyu wandiuza kuti m'buku lanu mwalembamo za anzanu aja. Ine nditamva ndinati, ndiye ubwenzi umenewo."

Tisungane adabweretsa mpando, adauika moyang'anana ndi mphasa, n'kuwapatsira a Paison pepala lija m'manja. Iye adakhala pansi pafupi ndi amayi ake.

"Amayi maso awo saonanso zilembo," adatero. "Werengani mokweza. Musadumphe mzere, ndikulidziwa lonse."

A Paison adaligwira pepala lija ndi manja awiri. A Janeti adakankhira lichero pambali, adakonza mpango kumutu, n'kusendera pafupi akumwetulira, kuti amve bwino za mwamuna wawo. A Paison adayamba kuwerenga.